Uthenga Woitana Elube ku Sikelo

Nkhani iyi anthu a kuchipatala kuja saikamba magetsi akuyaka. Amadikira azime, amayi oyembekezera ndi odikirira odwala aunjikane pa mbaula ya kukhonde, wina ayang'ane kaye kumbuyo, kenako ayambe motsitsa mawu.

Chipatalacho n'chaching'ono, chili paphiri chakumalire ndi Mozambiki, kumene nkhungu imatsika dzuwa lisanalowe. Kumeneko kunkagwira ntchito bambo wina wachinyamata, Lameki Sandifolo. Ku koleji sanapiteko. Atamaliza Folomu 4, za makompyuta anaphunzirira pantchito pomwepo, ndipo ankakhala ndi mantha masiku onse kuti tsiku lina anthu adzatulukira kuti sadziwa zambiri. Kunyumba anali ndi mkazi wake Nachisale ndi mwana mmodzi woyamwa, Ndaziona. Mwanayo akangoyetsemula kamodzi, bambo ake tulo tinkawathawa.

Ntchito ya Lameki inali kusamalira seva, chikompyuta chakalekale chomwe chinkakhala m'kachipinda kopanda windo, kuseri kwa khonde la sikelo. Chinali ndi mabatire akeake a sola, moti magetsi akazima chipatala chonse, icho chokha chinkatsala chikulira mumdima. M'menemo munali pulogalamu ya ana a sikelo: mayina awo, midzi yawo, katemera, ndi manambala a foni a amayi awo. Anamwino ankaitsegula pa makompyuta awo ngati tsamba la pa intaneti.

Pulogalamuyo inamangidwa pa chinthu chimene eni ntchitoyo amachitcha chimango. Pulogalamu yotere imakhala ndi tizigawo tambirimbiri, ndipo palibe kachigawo kamene kamadzipezera kokha zosowa zake. Chimango ndicho chimapanga tizigawo tonse n'kumatigawira zofunika: aka kakufuna njira ya ku mayina, chimango chikapatsa, ako kakufuna njira ya ku mafoni, chimango chikapatsa. Pulogalamu yatsopano ikamalowa m'malo mwa yakale, chimangocho chimaitana tonse timene chinapanga n'kutiuza kuti ntchito yatha. Tikabalalika, kapulogalamu kosesa kamachotsa zotsala m'memore, momwe seva imasungira zimene ikugwira panthawiyo. Koma kosesako sikakhudza chinthu chimene china chikuchigwirabe.

Bambo wa ku Lilongwe amene anamanga zonsezi anamusiyira Lameki lamulo limodzi: chilichonse chowonjezera chizidzera kwa chimango, chifukwa chimene chimango sichinapange, sichidziwa n'komwe kuti chilipo.

Lamuloli Lameki analiswa kamodzi kokha. Mayi Kalilombe, namwino wamkulu wa sikelo, anapempha kuti amayi azikumbutsidwa pafoni tsiku la sikelo likayandikira. Sabata imeneyo Ndaziona anali ndi chifuwa, ndipo mtima wa Lameki unali kunyumba. Anangolemba yekha pambali kapulogalamu kosunga nthawi, kawotchi kakang'ono, kosadzera kwa chimango. Kankatenga mayina a ana pa nthawi imene kabadwa, n'kuwasunga m'mutu mwake, ndipo madzulo alionse kankadzuka n'kutumiza uthenga kwa amayi a mudzi umene sikelo yake ndi mawa. Anati adzakalemba bwino mwana akachira. Mwana anachira, kawotchi kanagwira ntchito, aliyense anayamikira, nkhani inathera pomwepo.

Lameki analinso ndi chizolowezi china: seva sankaizimitsa. Tsiku lina kale inazimitsidwa n'kukana kudzuka kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anthu onse akumuyang'ana, iye thukuta lili kamukamu. Kuyambira pamenepo, akakonza kanthu, ankangoika pulogalamu yatsopano pamwamba pa yakale, seva ili chiyakire. Nthawi iliyonse mizere yofiira inkadutsa pa sikirini, yochenjeza kuti chinachake chakana kuima. Iye ankaisiya idutse, n'kutseka chitseko, n'kuthamangira kunyumba nkhungu isanatsike.

Zinayamba ngati zoseketsa.

"A Kompyuta," anatero mayi wina pabenchi ya sikelo, akugwedeza foni, "kodi mukuyesa ndine gonthi? Uthenga umodzi womwewo katatu! Ngakhale apongozi anga sabwereza chotere."

"Iwe katatu kokha?" anatero mnzake. "Kwanga imangolira ngati nkhuku yoikira. Amuna anga mpaka afunsa kuti kuchipatalako alipo ndani wondisowa chonchi."

Benchi yonse inaseka. Lameki anaseka nawo, nati ndi netiweki ya kuphiri kuno. Koma anali ataona kale kuti seva yayamba kulemera. Tsamba linkatseguka mochedwa, memore inkangodzaza osaphwa, ndipo kulira kwa chikompyutacho kunasintha. Kale chinkalira mawu amodzi osadukiza. Tsopano chinkakoka ndi kutulutsa, kukoka ndi kutulutsa.

Mvula ili pakati, mwana wina wa kumudzi wa kuseri kwa phiri anamwalira ndi malungo. Dzina lake anali Elube, ndipo anali atangoyamba kuima chogwirira. Mayi ake, Nangozo, anali munthu wofatsa amene sankaphonya sikelo ngakhale mtsinje utadzaza. Mayi Kalilombe anauza Lameki za malirowo, ndipo Lameki anachotsa dzinalo m'pulogalamu ndi manja ake, akukumbukira kuti Elube ndi Ndaziona anabadwa mwezi umodzi.

Patapita masiku, kabudula mmodzi wa sikelo anasowa. Awa ndi timakabudula ta nsalu yolimba timene amavekamo ana powapachika pa sikelo. Madzulo ankatichapa n'kutiyanika m'chipinda chokhoma. M'mawa mwake kabudulayo anapezeka atakolekedwa pa mbedza ya sikelo pakhonde, akuzungulira pang'onopang'ono, kunja kulibe mphepo. Mayi Kalilombe anakalipira okolopa, okolopa analumbira kuti sanamukhudze. Zitachitika kachiwiri, palibe anakalipira mnzake. Mayi Kalilombe anangomuchotsa, ndipo Lameki anawaona akupukuta manja pa yunifolomu nthawi yaitali.

"Wanyowa?" anafunsa Lameki.

"Ayi," anatero iwo. "Ngwofunda."

Tsiku la sikelo ya mudzi wa kuseri kwa phiri litakwana, Nangozo anabwera. Anakhala kumapeto kwa benchi, mutu wometa ataufunda duku, chitenje atachimanga pachifuwa monga amamangira mayi wobereka mwana. Phokoso la pakhonde linazilala. Amayi anayamba kukokera ana awo pamiyendo.

Mayi Kalilombe anapita n'kugwada pambali pake. "Anangozo, mwabwera ndi vuto lanji, mayi?"

"Mwandiitana," anatero Nangozo. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa. Uthengawo unali uja wa masiku onse: *Mayi a Elube, mawa ndi tsiku la sikelo. Bwerani naye mwana.* Unalipo kangapo, wina pansi pa unzake.

"Tinasesa, tinameta, zonse tinachita," anatero Nangozo, osakweza mawu. "Amuna anga akuti nditaye foniyi m'chimbudzi. Koma ine ndinati, ngati achipatala akumuitana ndi dzina, ndiye kuti akudziwa china chimene ife sitikudziwa."

Mayi Kalilombe anatembenuka. "A Sandifolo, tabwerani kuno. Si munati dzinali mwachotsa?"

"Ndinachotsa, mayi."

"Nanga izi?"

Maso onse a pakhonde anali pa iye. Lameki anayang'ana pansi, n'kumva pakamwa pake pakunena mawu aja: "Ndi netiweki, mayi. Ndi mauthenga akale, amachedwa m'njira. Atha okha."

Nangozo anamuyang'ana, n'kugwedeza mutu ngati wakhulupirira. Zikanakhala bwino akanamutukwana. Anakhala pabenchipo mpaka mwana womaliza atayezedwa, kenako anadzuka mosamala, dzanja limodzi atagwirira kumbuyo, n'kumapita.

Madzulo amenewo Lameki anafufuza m'pulogalamu, dzina la Elube osalipeza. Posowa chochita, anaikanso pulogalamu yatsopano pamwamba, poganiza kuti mwina zitsukika. Mizere yofiira inadutsa. Seva inakoka mpweya nthawi yaitali, n'kuutulutsa mwa apo ndi apo, ngati mwana amene walira mpaka kutopa. Lameki anatuluka chambuyo n'kukhoma chitseko.

Mwezi unatha, ndipo madzulo a tsiku loti mawa ndi sikelo ya mudzi uja, anachedwa kuweruka. Nkhungu inamupeza m'njira ya m'mabulugamu. Patsogolo pake pankayenda mayi wobereka, ndipo kutali komweko anamuzindikira kuti ndi Nangozo, chifukwa cha duku. Kwawo kunali kutsidya lina la phiri, koma ankayenda cha kuchipatala kuno n'kubwerera, monga amachitira munthu wotonthoza mwana wovuta kugona. Lameki anachepetsa liwiro kuti asamupeze. Anamva foni ikulira mu nkhungumo. Inaliranso, n'kuliranso. Kenako chitenje cha kumsana kwa mayiyo chinatukumuka pang'ono chakumwamba, ndipo panamveka kachifuwa kakang'ono, kouma.

Lameki anapatuka n'kudzera m'munda wa eni ake, chimanga chikumukwapula kumaso.

Kunyumba anapeza Nachisale akuyamwitsa. Ndaziona atamva chitseko anasiya bere, koma sanayang'ane bambo ake. Anayang'ana pambali pa bondo lawo, pansi pang'ono, n'kuseka, n'kutambasula timanja.

Nachisale anam'fumbatira mwanayo pachifuwa. "Bambo a Ndazi, mwabwera ndi ndani?"

"Ndili ndekha."

"Tsekani chitseko." Atatseka, Nachisale anamuyang'anitsitsa. "Nkhani ya foni ya Anangozo ili ponseponse, kuchigayo, kumjigo. Akuti kuchipatala kuli chinthu chimene chikukana kuti mwana uja apite. Ine ndimayankha kuti amuna anga anati ndi netiweki. Ndikunamizira anthu kapena ayi?"

Lameki anakhala pampando, nsapato zili m'miyendo. "Sindikudziwa bwinobwino."

"Inu mukanena kuti simukudziwa bwinobwino, ndiye kuti mukudziwa. Ndinakwatiwa nanu dzulo ine?"

Anamuuza za kawotchi kaja, ndi za mizere yofiira. Nachisale za makompyuta sankazidziwa, koma anamva mokwanira.

"Ndiye mankhwala ake n'chiyani?"

"Kuizimitsa yonse. Koma ikakana kudzuka, anthu onse adziwa kuti ndine. Mayi Kalilombe akanena ku ofesi, a ku Lilongwe abwera, aona zimene ndinalemba. Ntchito imeneyi ndi imene ikutidyetsa, mayi a Ndazi."

"Ine ndikadzamva foni ikuitana mwana wanga ali kumanda," anatero Nachisale, "munthu woteroyo sindidzafunsa kuti ntchito yake imadyetsa ndani." Anatembenukira kukhoma, mwana ali pakati pa iye ndi khomalo.

M'mamawa kusanayere bwino, Lameki analowa m'kachipinda kaja n'kuchita chimene ankachizemba miyezi yonseyi: anatsegula m'kati mwa memore kuti aone zimene zikukhalamo.

Zinali momwemo zonse. Pulogalamu iliyonse imene ankaganiza kuti anaichotsa inali ikadalipo, ina pamwamba pa inzake. Chimango chinkabalalitsa tizigawo take nthawi iliyonse, koma kawotchi sichinkakadziwa, choncho sichinkakauza kanthu. Kawotchi kakale kalikonse kanatsala kali maso, katagwira pulogalamu imene kanabadwiramo, ndipo kosesa kankangodutsa. Kalikonse kanali ndi mayina ake a nthawi imeneyo. Mwa tiwotchi takaleto, Elube anali akadali wamoyo, ndipo mwezi uliwonse ankayenera kukwera sikelo.

Lameki anatiyang'ana kamodzikamodzi, nkhope ikutentha. Ankatizindikira tonse: aka n'ka tsiku lija anakonza za katemera, aka n'ka sabata ya Khirisimasi. Pansi penipeni panali kena. Kanalibe dzina, kanalibe tsiku lobadwa, ndipo m'mutu mwake munalibe mudzi uliwonse. Munali nambala imodzi yokha ya foni. Tinzake tonse tinali titagona, kudikira madzulo. Ako kokha kanali maso.

Kuseri kwa khoma, pakhonde, mbedza ya sikelo inalira pang'ono, monga imachitira ikalandira katundu.

Sanathawe. Anakhala momwemo mpaka anamva mawu a amayi akufika, ana akulira, mabenchi akukokedwa. Pamenepo anatuluka.

Khonde linali litadzaza. Nangozo anali pamalo ake kumapeto kwa benchi, ndipo amayi ena anali atasiya mpata waukulu pambali pake. Mayi Kalilombe ankalimbana ndi kompyuta.

"A Sandifolo, chinthu chanuchi lero ndiye chafa ndithu. Tsamba silikutseguka. Kapena netiweki yomweyo?"

"Si netiweki, mayi." Mawu anatuluka aang'ono, ndipo anachita kubwereza. "Si netiweki. Sinakhalepo netiweki. Ndine."

"Mwati bwanji?"

"Chotumiza mauthenga chija ndinachilemba molakwika, mothamanga. Ndikaika chatsopano, chakale sichimafa. Zakalezo zilipo zambiri m'katimo, ndipo zikadali ndi dzina la mwana wa mayiwa. Ndinkakayikira kalekale, koma ndinkaopa kuzimitsa seva. Tsiku lija ndinanama."

Palibe anaseka. Mayi uja ananena za apongozi ake anangoti, "Mayo ine," n'kuphimba mwana wake kumutu. Mayi Kalilombe anavula magalasi.

"Mwezi wathunthu, achimwene. Mzimayi akukwera phiri ndi msana wopanda kanthu, inu mukumuona, mukudutsa apa ndi kapu ya tiyi." Anapuma. "Mulinso ndi mwana inu."

"Ndili naye, mayi."

"Pitani mukazimitse. Tilemba pamanja. Zanu tikamba pambuyo."

Lameki anabwerera m'kachipinda muja pafupifupi chothamanga, pofuna kuchoka pamaso pa anthu. Sanayang'anenso sikirini. Anadina batani n'kuligwira. Seva inakoka mpweya, n'kuugwira, n'kuugwirabe, mpaka iye anayamba kuwerenga Atate Wathu mumtima. Kenako inautulutsa pang'onopang'ono, ndipo m'chipindamo munagwa bata limene linali lisanamvekemo chiyambire.

Pakhonde wina anakuwa.

Atatuluka, anapeza Nangozo ataimirira, manja onse ali kumbuyo, akupapasa. Anapapasa m'mwamba, anapapasa m'munsi. Kenako anamasula mfundo ya pachifuwa, ndipo chitenje chinatsetsereka n'kugwa pansi, chopyapyala, nsalu chabe. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anachitola, anachipinda bwinobwino, n'kuyenda mpaka pamene panaima Lameki.

"Mwazimitsa, bambo?"

"Ndazimitsa, mayi. Sadzabweranso mauthenga aja. Pepani, pepani kwambiri, ndinakulakwirani."

"Anu aja ndinkawadziwa," anatero Nangozo. "Onena za sikelo. Amenewo ndinasiya kale kuwawerenga. Koma pamapeto pa anuwo pankabwera wina. Umenewo sunali wanu."

Lameki anayang'ana foni imene inali m'dzanja la mayiyo. Nangozo anaitembenuza, sikirini n'kuyang'ana pansi.

"Sindikukudandaulani kuti mwazimitsa. Ndimadziwa kuti kuno si kwake. Tsiku lija anandichokera ndili kotunga madzi omusambitsa, sindinamutsazike. Lero ndinali pompano, bambo. Mwandidutsa apa. Mukanangoti, mayi, ndikukazimitsa, ndikanamutsitsa n'kumuyang'ana kumaso."

Nangozo anawerama pang'ono mwaulemu, anatsazika Mayi Kalilombe, n'kutsika masitepe, chitenje chopinda chili m'khwapa.

Seva inadzuka bwinobwino masana omwewo, yopepuka ngati yatsopano. Lameki analembanso kawotchi kaja moyenera, kudzera kwa chimango, ndipo a ku Lilongwe atabwera anangomukalipira n'kumusiya pantchito. Uthenga sunabwerezenso kwa mayi aliyense, ndipo anthu amati chipatala chinakhala pamtendere.

Koma Nangozo amadutsabe pamenepo tsiku la msika. Foni amainyamula m'manja, yoyaka nthawi zonse, ndipo akuti ngakhale ufa utatha m'nyumba, ndalama yotchajitsira saisowa. Akakumana ndi Lameki m'njira ya m'mabulugamu amaima, amam'patsa moni ndi manja awiri, n'kufunsa kuti, "Nanga mwana akukula bwanji?" Amafunsa ndi mtima wonse, wopanda chidani, ndipo amadikira yankho.

N'chifukwa chake tsiku la msika Lameki amazungulira njira ya kudambo, yaitali, yamatope, ngakhale mvula ikugwa.